Malezala anga asiyeni, si misala

Ndakwiya, ndipo ndilemba ndili wokwiya chomwechi, sindidikira kuti mtima uzizire.

Loweruka kunyumba kwanga kuno ku Johannesburg kunabwera alendo, anthu akumudzi okhaokha. Tadya nsima bwinobwino, tikucheza. Mlamu wanga, mchimwene wawo wa mayi akunyumba, analowa kubafa kukasamba m'manja. Sopo ali poyera pasinki, koma iye anakatsegula kabati. Kabati ya eni! Anatulukako atanyamula bokosi langa la malezala, kufika nalo pabalaza n'kulikhuthula patebulo pamaso pa anthu, timapaketi mbwee, tina kugwera pansi pa mpando. Ati, "Alamu, kodi mwayamba kutemera anthu mphini? Kapena mukutsegula okala?" Anthu kuseka chikhakhali. Mayi wina n'kuthira ndemanga kuti ndalama zikachuluka zimapengetsa munthu.

Ine ndinangoti, "Alamu, bwezerani zinthu zanga mmene munazipezera." Sindinafune kulankhula zambiri pamaso pa mlongo wake. Koma pano ndilankhula.

Munthu wosunga malezala ambiri si wamisala. Sakuwononga ndalama, sakudzionetsera, salinso ndi zamankhwala. Ndi munthu amene anavutika ndi nkhope yake mpaka anapeza lezala limene nkhopeyo imalola, ndipo sakufuna kudzabwereranso kumavuto aja. Basi. Nkhani yonse ndi imeneyi. Amene sanavutikepo ndi ndevu akhale chete.

Tayang'anani khosi la mwamuna wakuda amene amameta tsiku ndi tsiku ndi timitu tapulasitiki tija tokhala ndi malezala atatu kapena asanu. Yang'anani pansi pa chibwano, pamene kolala imakhudza. Mupezapo tiziphuphu thothotho, tina tofiira, tina tamafinya, tina tinada kalekale n'kusiya zipsera. Ndevu zathu ndi zopotana. Kamutu ka malezala ambiri kamakoka ndevu ndi lezala loyamba, lotsatira n'kudula, ndiye ndevuyo ikabwerera imakathera m'kati mwa khungu, nsonga yake ili yosongoka. Pomera imapinda n'kudzibaya yokha m'mnofu. Madokotala matendawa amawatcha pseudofolliculitis barbae, ndipo amene amawagwira kwambiri ndi ife a tsitsi lopotanafe. Ine ndayenda nawo matenda amenewa zaka zambiri. Ndikudziwa kuvula malaya oyera madzulo n'kupeza timadontho tamagazi m'kati mwa kolala. Ndikudziwa kuima pagalasi ndi singano, kutokosa ndevu imodziimodzi imene yalowa m'khungu, maso akutuluka misozi. Chinandichiritsa si mafuta odula ayi. Ndinagula chometera chachitsulo chakale chija, chotsegula pamwamba n'kuikamo lezala limodzi lakuthwa mbali zonse ziwiri, ndinagulanso burashi ndi sopo wometera. Kunyowetsa ndevu ndi madzi ofunda, kupaka thovu, kumeta motsatira kumene ndevu zagonera, osakanikiza. Khosi langa linasalala. Ndiye wina adzikhuthula zinthu zimenezi patebulo kuti anthu aseke?

Chimene osekawo sadziwa n'chakuti malezala amafanana maonekedwe okha. Onse amalowa m'chometera chimodzimodzi, onse ali m'kapepala, koma pankhope ndi osiyana kutalitali. Feather wa ku Japan amadziwika kuti ndi wakuthwa koopsa, ena amamukonda, ena dzanja likangonjenjemera pang'ono magazi chuu. Derby wa ku Turkey ndi wofatsa, koma wa ndevu zolimba amadandaula kuti amakoka. Pali Astra, pali Lord ndi Shark a ku Alexandria ku Egypt, pali Treet wa ku Pakistan, pali Dorco wa kampani ya ku Korea, pali Minora amene amapezeka kuno, palinso Nacet amene tinakula tikumuona m'magolosale kwathu. Lezala limene likuyenda ngati mafuta pankhope ya mnzako, pankhope yako likhoza kukusenda. Palibe angakusankhire. Umayesa ili, umayesa lija, ukudzicheka, ukupirira, mpaka tsiku lina umameta n'kumva kuti eya, langa ndi ili. Ukafika pamenepo ugule kapaketi kamodzi ka malezala asanu? Kuti mawa ukapeze latha? Ayi. Umagula katoni yonse, timapaketi 20 ta asanuasanu, malezala 100. Ukakhala ndi ndalama umagula makatoni angapo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Ndipo amathadi. Musaganize kuti ndikungodziopseza. Mafakitale opanga malezala amenewa padziko lonse ndi ochepa, ndipo mayina ambiri amene timawaona ngati osiyana amachokera pakhomo limodzi. Astra, Nacet, Perma-Sharp ndi Gillette Silver Blue kwa zaka zambiri akhala akuchokera kufakitale imodzi ya ku St Petersburg ku Russia. Nkhondo ya ku Ukraine itabuka mu February 2022, okonda kumeta ndi lezala ku America ndi ku Ulaya anathamangira kukagula makatoni, poopa kuti katundu wa ku Russia asiya kufika. Pambuyo pake anthu anayamba kulandira Astra wolembedwa kuti wapangidwa ku India, ndipo mpaka lero akukanganabe ngati akumeta mofanana ndi woyamba uja. Dzina lomwelo, bokosi lofanana, koma fakitale ina. Amene anali ndi makatoni ake m'kabati ankangometa mwakachetechete, mkanganowo sunamukhudze. Wamisala anaona nkhondo. Mawu amenewa makolo sanawanene pachabe.

Inenso zinandichitikirapo. Panali lezala lina limene ndinkalikonda, sinditchula dzina. Ndinkagula pang'onopang'ono poganiza kuti lidzapezeka nthawi zonse. Tsiku lina ndikupita, wogulitsa ati anasiya kubweretsa. Kufufuza kwina, kulibe. Tiziphuphu tinabwerera pakhosi pamene ndinkasakasaka lina. Kuyambira pomwepo ndikapeza langa ndimagula lambiri, ndipo sindipepesa kwa munthu.

Za ndalama ndiye musayambe n'komwe. Ndalama imene mumagulira timitu tapulasitiki tinayi, timene m'masitolo ambiri kuno amatibisa kuseri kwa kauntala poopa akuba, ine ndimagulira malezala pafupifupi 100. Lezala limodzi ndimametera kangapo ndisanalitaye. Katoni imodzi imandipitiriza chaka n'kupitirira. Werengani nokha. Tsono wowononga ndani pamenepa? Amene wagula kamodzi n'kuiwala, kapena amene mwezi ndi mwezi ali pamzere kupempha kuti amutsegulire kabati ya m'sitolo? Ndipo pogula zambiri mtengo wa lezala limodzi umatsika, ndalama yotumizira katundu umalipira kamodzi. Randi ikagwa, za kunja zonse zikakwera, zanga ndinagula kale.

Mlamu wanga yemweyo chaka chilichonse amatumiza ndalama kumudzi nthawi yokolola kuti amugulire chimanga chikadali chotchipa, amuthirire mankhwala, amusungire mpaka February pamene mitengo imapenga. Ameneyo timamutcha wanzeru, ndipo ndi wanzerudi. Nanga ine ndikachita zomwezo ndi chinthu chimene ndimagwiritsa ntchito moyo wanga wonse, ndasanduka sing'anga? Kusiyana kwake n'kwakuti changa sichifumbwa. Kale inde, malezala anali achitsulo chochita dzimbiri msanga, ukameta lero mawa lafiira. Koma kuyambira 1962, pamene kampani ya Wilkinson Sword inatulutsa malezala achitsulo chosachita dzimbiri, zinthu zinasintha. Alero ambiri ndi otero, m'mphepete mwake amakutamo zinthu monga platinum kapena chromium, lililonse lokulungidwa m'kapepala kake. Ukawaika pouma, m'chidebe chotseka bwino, amakhala zaka osasintha. Sawola, sanunkha, sadya magetsi, safuna firiji. Makatoni angapo amakwana m'bokosi la nsapato. Akukupanikizani pati m'nyumba mwanga?

Mundiuza kuti alipo ena ali ndi malezala masauzande, oti sangawamalize ngakhale atakhala ndi moyo zaka 100. Alipodi. Ena amangokonda kutolera mitundu, ena ndi mantha, ena anapeza otchipa n'kulephera kudzigwira. Nanga akulakwira ndani? Ndalama ndi zawo, ndevu ndi zawo, kabati ndi yawo. Palibe mwana wagona ndi njala chifukwa cha katoni ya malezala. Anthu amasunga nsapato zodzaza chipinda, mafoni akufa m'madilowa, zitenje zosasoka m'masutikesi, palibe amazikhuthula patebulo pamaso pa alendo. Koma mwamuna akangosamala nkhope yake, basi wapenga.

Ndipo ndinene izi, chifukwa zikundiwawa. Chometera cha lezala limodzi si zachilendo zimene ndatola kuno. King Camp Gillette anachilembetsa mwalamulo mu 1904. Agogo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi kuno ankameta ndi chomwechi. Bambo anga ankameta ndi chomwechi, atakhala pampando panja, kagalasi kakang'ono atakatsamiritsa pawindo, madzi ali m'kambale. Lezala la chometerachi silinasinthe maonekedwe kwa zaka zambirimbiri, moti chometera cha m'ma 1950 chimalandira lezala logulidwa lero, la kampani iliyonse, la dziko lililonse. Timitu tija ndiye ayi. Trac II wa malezala awiri anabwera mu 1971, Mach3 wa atatu mu 1998, Fusion wa asanu mu 2006, ndipo kamutu kalikonse kamalowa pachogwirira chake chokha. Ukagula chogwiriracho wadzimanga wekha, uzigula timitu ta kampani yomweyo pamtengo umene akuuze. Ine chometera changa sichisankha. Ndine mfulu. Ufulu umenewu ndi umene unali m'bokosi limene linakhuthulidwa lija, ndipo anthu amene amalipira zambiri kuti khosi lizitupa ndi amene ankandiseka.

Ndikudziwa chifukwa chake kwathu lezala lambiri limadabwitsa. Tinazolowera kugula limodzi pa okala, tsiku limene talifuna. Lomwelo bambo ametere, mayi awengere zikhadabo, mwana asongolere pensulo, kenako lisungidwe pamwamba pa chitseko mpaka lichite dzimbiri. Umphawi unatiphunzitsa zimenezo, sindikunyoza. Koma musasandutse chizolowezi cha kusowa kukhala lamulo loweruzira anzanu. Amene akutha kugula 100 nthawi imodzi n'kumeta ndi lezala laukhondo lakelake, osabwerekana ndi munthu, akuchita bwino. Kubwerekana lezala ndi njira ya matenda a m'magazi, a zaumoyo akhala akutiuza kuyambira kale. Ndiye wokhala ndi ake okwanira mukumuseka chiyani? Mukufuna ndizibwereka lanu?

Malezala anga asiyeni. Ndikawagula ambiri ndi chifukwa ndikudziwa chimene khosi langa linadutsamo. Ndikawasunga ndi chifukwa ndinaonapo langa likusowa pamsika. Sindinabe, sindinakongole, sindinapemphe munthu. Ndipo mukabwera kunyumba ya mnzanu, sopo ali pasinki. M'kabati mulibe chanu.

Pamene ndayamba kale, ndinenenso china chokhudza ife ometa ndi lezala, chifukwa pali khalidwe lina limene limandinyansa kuposa kuseka kuja. Anthu inu mumataya bwanji malezala otha? Kungoliponya m'bini lili lamaliseche, pamodzi ndi makoko a mbatata! Kuno m'mawa wa tsiku lotaya zinyalala, kusanache, anthu amayenda ndi zingolo zawo kutsegula mabini, kupisa manja m'matumba kufunafuna mabotolo, zitini ndi makatoni oti akagulitse. Ambiri alibe magolovesi. Ndinaonapo bambo wina atakhala m'mphepete mwa msewu wathu, chala atachikulunga ndi pulasitiki ya buledi, magazi akudonthera pansapato, thumba limene linamucheka lili pambali pake lotsegula. Kaya linali lezala kaya botolo losweka, koma kuyambira tsiku limenelo ndimaganizira dzanja limene lidzapise m'thumba langa. N'chovuta chiyani kutenga chitini chopanda kanthu, kuboola kampata pachivindikiro, n'kumaponyamo malezala otha? Chitini chimodzi chimalandira a zaka. Chikadzaza umachimata ndi tepi, kulembapo, ndiye kutaya. Ngakhale kungolibwezera m'kapepala kake, timapaketi tina tapulasitiki tili ndi kampata kumbuyo kopangidwira ntchito yomweyo. Koma ayi, munthu wamkulu ndi ndevu zake, wameta, wadzola mafuta onunkhira, lezala waponya m'bini ngati chikoko cha nthochi. Ndi mwana wanu yemwe amene mumamutuma kukataya zinyalalazo.