Munthu wopita kukaona malo musamamutume katundu

Mchemwali wanga anasunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti akaone mzinda wa Cape Town pa tchuthi chake chachifupi, koma wabwerako osaponda pachilumba cha Robben Island, chonsecho tikiti ya boti anali atalipira kale. Sanadwale, ndipo nyanja inali bata. Chinamulepheretsa ndi mndandanda wa katundu umene achibale a ku Mbare ndi ku Mufakose muno mu Harare anamutumizira pa WhatsApp atangomva kuti akukwera ndege. Pa nthawi imene anayenera kukhala padoko la V&A Waterfront, iye anali m'masitolo kufunafuna nsapato za sukulu za mwana wa alamu ake, bulangeti la azakhali ndiponso foni ya mnyamata wina amene ngakhale moni samupatsa. Nkhaniyi yandipsetsa mtima kwambiri.

Munthu akanena kuti akupita kukaona malo, tiyenera kumuleka kuti akaone malowo. Sanapite kukaoda katundu, sanapite kukakugulirani zovala, ndipo sanalembedwe ntchito ndi wina aliyense wa inu. Ulendo wa masiku owerengeka ulibe tsiku lapadera loti munthu alitaye posaka saizi ya nsapato. Boti la ku Robben Island limanyamuka pa nthawi yake, ndipo kupita, kuzungulira ndende imene Nelson Mandela anakhalamo zaka 18, ndi kubwerera kumadya pafupifupi theka la tsiku. Chikepe chokwerera phiri la Table Mountain, chimene chakhala chikunyamula anthu kuyambira mu 1929, amachitseka mphepo ikakula, choncho m'mawa umodzi wa nyengo yabwino ukadutsa, mwina sudzapezekanso mpaka tsiku lobwerera. M'mawa umenewo ndi umene inu mumaulanda ndi mndandanda wanu.

Ena adzanena kuti chizolowezichi chinayamba mu 2008 pamene m'masitolo a muno mu Harare munalibe kanthu ndipo aliyense wowoloka malire a Zimbabwe ndi South Africa pa Beitbridge ankabwera ndi ufa ndi mafuta ophikira. Nthawi imeneyo inapita. Lero mabasi amanyamuka pa siteshoni ya Roadport tsiku lililonse, ndipo alipo anthu amene ntchito yawo ndi kukagulira anzawo katundu ku Musina ndi ku Johannesburg pa malipiro. Wofuna bulangeti akawalipire amenewo, kapena akwere basi yekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Chondinyansa kwambiri ndi mmene timapemphera zinthuzi, ngati kuti ndi zazing'ono. Timati kanthu kamodzi kokha, mukadutsa pafupi ndi sitolo. Koma achibale khumi akanena mawu omwewo, kanthu kamodzi kaja kamadzaza sutikesi yonse, ndipo mwini ulendo amasiya zake kuti zanu zikwane pa kulemera kumene ndege imalola. Iye amaopa kukana chifukwa akudziwa kuti akakana dzina lake limveka pa maliro ndi pa ukwati uliwonse kuti ndi wonyada, wayamba kudzimva chifukwa chokwera ndege. Mukugwiritsa ntchito manyazi ake, ndipo zimenezo si chibale ayi. Anatuluka thukuta yekha, anadzimana yekha, ndiye nthawi yopuma ikafika mukufuna kuti mugawane naye maola ake. Mulekeni akaone phiri, akaone nyanja, akaone mbalame za penguin ku Boulders Beach, abwere ndi nkhani zoti atiuze.

Ndipo pa anthu onse amene anatuma katundu, ndi azakhali okha amene anapereka ndalama ulendo usanayambe. Enawo anati adzabweza katunduyo akafika. Katundu anafika, anadzatenga okha kunyumba, wina mpaka anadandaula kuti mtundu wa foni si umene ankafuna, koma za ndalama akuti tidikire kumapeto kwa mwezi.