Ulendo wapansi wakumudzi umayambira pa basi yobwerera

Anthu ambiri akamakonza zokayenda pansi m'tinjira takumudzi amayamba n'kufunsa kumene kuli malo okongola. Ine ndimati funso loyamba likhale la basi: yomaliza imadutsa nthawi yanji, ndipo imaima pati? Munthu wa galimoto yake akachedwa ndi ola limodzi amangofika kunyumba kutada, basi. Wodalira basi mphindi 10 zokha zikhoza kumugoneka kwa eni. N'chifukwa chake ulendo wonse uyenera kuwerengedwa chobwerera m'mbuyo, kuchokera pa nthawi yokwerera.

Yomalizayonso musaiwerengere. Konzani zokwera imene imadutsa yomalizayo isanafike, kuti yomaliza ikhale yopulumukirapo zinthu zikavuta. Kumidzi mabasi amachepa Loweruka, Lamlungu ndi pa maholide, pena osayenda n'komwe, ndipo ndandanda imene mwaiona pa intaneti ikhoza kukhala yakalekale. Mukamatsika m'mawa funsani dalaivala yemweyo, akuuzeninso poimirira penipeni, chifukwa siteji yobwerera siikhala nthawi zonse moyang'anizana ndi imene mwatsikira.

Pali mwayi wina umene okwera basi sauona. Njira yozungulira, yoyambira ndi kuthera pamalo amodzi, ndi ya amene aimika galimoto ndipo ayenera kuibwerera. Inu palibe chakumangani. Tsikani pamudzi pamene mabasi ndi osowa, muziyenda cholowera kumene ali ambiri, kaya ndi kumsewu waukulu kaya katauni. Mukatero kuchedwa kwanu kumathera pa kudikira basi ina. Mukaitembenuza, n'kumathera tsiku pamudzi wa basi imodzi, miyendo yotopa ndi imene mwaipatsa ntchito yothamangitsana ndi wotchi.

Tsono nthawiyo muiwerenga bwanji? Mu 1892 William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, anapereka kawerengedwe kamene anthu akugwiritsabe ntchito mpaka lero: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera mtunda. Tiyerekeze njira ya makilomita 12 yokhala ndi chikweza cha mamita 300. Makilomitawo atenga maola 2 ndi mphindi 24, chikweza chiwonjezera mphindi 30, zonse pamodzi pafupifupi maola 3. Koma Naismith ankanena za munthu wamphamvu, woyenda osaima, panjira yabwino. Inu ikanipo mphindi 10 zopuma pa ola lililonse ndi theka la ola lodyera, afika maola 4. Ikaninso ola lina la kusochera, matope ndi kujambula zithunzi. Ngati basi yanu ndi ya 4 koloko madzulo, muyenera kukhala mutayamba kuyenda pofika 11 koloko m'mawa. Mukakhala ndi ana kapena achikulire werengerani makilomita 3 pa ola, ndipo gulu limayenda liwiro la amene ali kumbuyo, osati la wotsogolera. Kutsetsereka nakonso musakuyese kobweza nthawi. Pamalo otsetsereka kwambiri, a miyala yogubuduka, munthu amachedwa ngati pokwera pomwe.

Musananyamuke gwirizanani ola lobwerera. Likakwana musanafike pakati pa njira, tembenukani kapena tsikirani kumsewu wapafupi, ngakhale nsonga ya phiri ikuoneka apo. Ndi bwino kuonera pa mapu malo awiri kapena atatu pamene njira yanu imayandikira msewu wa basi.

Za mapu ndinene pang'ono. GPS ya mufoni, imene imasonyeza pa mapu pamene muli, imagwira ntchito ngakhale kulibe netiweki, chimene chimasowa ndi mapuwo ngati simunawasungiretu mufoni muli kunyumba. Mapulogalamu monga OsmAnd ndi Organic Maps amatenga mapu a OpenStreetMap, amene amajambulidwa ndi anthu odzipereka, ndiye kwina tinjira tapansi timaoneka bwino, kwina mulibe. Foni ikamasakasaka netiweki imadya batire msanga, choncho iikeni pa airplane mode. Pa mapu a papepala a 1:50,000, masentimita 2 ndi kilomita imodzi. Pa a 1:25,000 ndi masentimita 4. Mizere yosonyeza kukwera kwa malo ikathithikana, dziwani kuti pamenepo mupuma wefuwefu.

Komabe mapu sadziwa kuti mlatho unakokoloka kapena kuti kanjira kaja kanalimidwa. Amadziwa ndi eni mudzi, ndipo kufunsa ndiko kudziwa njira. Luso lili pa kafunsidwe. Mukafunsa kuti “njira iyi ndi yopita kwakuti?” ambiri angovomera mwaulemu. Funsani kuti “njira iyi ikukathera kuti?” kuti dzina la malo alitchule okha. Mawu akuti “ndi pafupi” musawatengere pamtima, pakuti pafupi pa munthu woyenda njirayo tsiku ndi tsiku ndi patali pa mlendo. Funsani zizindikiro: mudutsa mitsinje ingati, pamphambano mukhotere kuti.

Chimene chimachedwetsa anthu kwenikweni si mapiri, ndi mapazi. Matuza amabwera khungu lonyowa likamakhuzika, ndipo masokosi a thonje amasunga thukuta. Nsapato yatsopano isayambire pa ulendo wotere. Mukangomva kutentha pachidendene imani pomwepo, pukutani phazi, matanipo pulasitala. Mphindi 5 zimenezo zikupulumutsani ku maola otsimphina. Zikhadabo za kuphazi wengani dzulo lake, chifukwa potsetsereka zala zimagunda kutsogolo kwa nsapato. Madzi tengani pafupifupi theka la lita pa ola lililonse, kukatentha kwambiri onjezerani. Pa maola 5 aja ndi malita awiri ndi theka, amene ndi makilogalamu awiri ndi theka pamsana, ndiye zina zosafunika zisiyeni. Madzi a mumtsinje wodutsa m'midzi ndi m'mabusa, ngakhale aoneke oyera mbee, musamwe osawiritsa kapena kuthira mankhwala.

Tsopano chifukwa chachikulu chimene ndikulimbikira za basi ndi ichi: zolakwika zoopsa zimachitika munthu akayamba kuthamangira nthawi. Ndi pamene amadula njira kudzera m'munda wa eni, n'kuponda mbewu, n'kukathera pampanda kapena m'dambo lotitimira. Ndi pamene amadutsa pakati pa ng'ombe ndi mwana wake m'malo mozungulira patali, kapena kuthawa galu, chonsecho galu amathamangitsa wothawa. Choopsa koposa ndi mtsinje. Mvula ikhoza kugwa kumtunda inu osaiona, madzi n'kudzaza pamalo pamene m'mawa munadumpha pamiyala. Madzi othamanga akafika m'mawondo, makamaka akakhala amatope oti pansi simukuonapo, musawoloke. Munthu wodziwa kuti kukubwera basi ina amakhala pansi n'kudikira kapena kuzungulira kumlatho. Wotsala ndi basi imodzi amalowamo.

Mphezi nayo imafuna munthu wa nthawi yokwanira. Mukaona ching'aning'ani werengani masekondi mpaka mumve kugunda. Masekondi 3 ndi pafupifupi kilomita imodzi. Akachepera 30 tsikani pachitunda, chokani pansi pa mtengo woima paokha ndi pafupi ndi mpanda wa waya, mubisale m'nyumba, ndipo mudikire mphindi 30 kuchokera pa kugunda komaliza. Theka la ola limeneli liyenera kukhala m'mawerengedwe anu nyengo ya mvula. Onaninso pafoni nthawi yolowera dzuwa tsiku limenelo, chifukwa kumadera otentha mdima umagwa theka la ola lisanathe. Katochi kakang'ono kasasowe m'chikwama.

Pasiteji fikani kutatsala mphindi 15. Basi yakumudzi ikapanda okwera ambiri imatha kudutsa nthawi isanakwane, ndipo madalaivala ena saima ngati simunaimitse ndi dzanja. Ndalama yolipirira ikhale m'thumba, yosinthasintha, osadalira ya mufoni kumalo kopanda netiweki. Podikirapo vulani nsapato, muyang'ane m'miyendo ndi kuseri kwa mawondo ngati simunatole nkhupakupa muudzu.