M'mawa wa pa 18 March ndi umene ndimauopa

Mwanena zoona kuti apolisi a ku Ireland, otchedwa Garda, amadzadza m'misewu kufufuza oyendetsa galimoto atamwa mowa pa chikondwerero cha St Patrick, koma ine nkhawa yanga imakhala pa m'mawa wa tsiku lotsatira. Pa 17 March penipenipo anthu ambiri kuno ku Dublin amasamala ndithu. Galimoto amaisiya pakhomo, n'kukwera basi kapena Luas (sitima yoyenda m'misewu ya mumzinda) kukaonera perete pa O'Connell Street.

Ndiye munthu wamwa mpaka 2 koloko usiku, wagona pang'ono, wasamba, wamwa khofi wowawa, akuona ngati mowa watha m'thupi. Kutha kuti? Thupi limachotsa pafupifupi theka la paindi pa ola limodzi, ndipo khofi kapena madzi ozizira sizifulumizitsa kanthu. Mapaindi 6 a Guinness amafuna maola pafupifupi 12.

Mnzanga wina wakwathu ku Ntcheu, timagwira limodzi ntchito yosamalira okalamba, anaimitsidwa 7 koloko m'mawa akuthamangira kuntchito, yunifomu ali nayo kale pathupi. Galimoto yake inali ndi chikwangwani cha N chosonyeza woyendetsa watsopano, ndipo kwa oyendetsa atsopano malire a mowa ndi 20mg pa 100ml ya magazi, pamene kwa oyendetsa wamba ndi 50mg. Anauzira m'kachipangizo koyezera mowa kaja akumwetulira, poti mumtima ankadziwa kuti wagona bwino. Anamulipiritsa €200 ndi kumuletsa kuyendetsa miyezi itatu. Nyumba ya okalambayo ili kutali ndi msewu wa basi, moti miyezi yonseyo ndinkamutenga ine pa geti lake isanakwane 6 koloko, kukuzizira kotheratu.