Sukulu ya PBS ndi yathu ife a pa shifiti

Anzanga amene muli mu ntchito ya care kuno ku UK, makamaka inu amene mumagwira m'nyumba za anthu a ulumali wa ubongo, umene kuno amati learning disability, lero ndikufuna tilankhulane momasuka. Sabata yatha mlongo wina pa gulu lathu la WhatsApp anandifunsa kuti, "Achimwene, mumagwira mashifiti a maola 12, kumudzi akudikira fizi ya ana, ndiye mukudzipanikiziranji ndi sukulu ya pa intaneti? Pepala lakelo likuwonjezerani ndalama zingati?" Ndinamuyankha mwachidule chifukwa ndinali m'basi, koma funso lake landikhala pamtima masiku onsewa.

Ndili m'chaka chachiwiri cha maphunziro a Positive Behaviour Support, mwachidule PBS, njira yothandizira munthu wa khalidwe lovuta poyamba kumvetsa chimene chikumuchititsa. Ndimaphunzira pang'onopang'ono pa laputopu, ntchito osasiya. Ndikuona kwanga, oyenera kuchita maphunziro amenewa kuposa wina aliyense ndi ifeyo amene timasambitsa, kudyetsa ndi kugoneka anthuwa. Ndipo kuphunzira uli pa ntchito si kungopirira chifukwa chosowa pogwira ayi. Pa phunziro ili, imeneyo ndiyo njira yabwino kuposa kukakhala m'kalasi chaka chathunthu.

Pali bambo ena amene ndimawasamalira. Dzina lawo ndi malo sinditchula. Ndi munthu wamkulu ndithu, koma salankhula kupatula mawu awiri kapena atatu. Nditayamba ntchito ndinapeza kuti pafupifupi madzulo aliwonse amadziluma padzanja mpaka kutuluka magazi, kenako n'kumamenyetsa mutu kukhoma. Mufayilo yawo munalembedwa kuti ndi munthu waukali, wongofuna kuti anthu azimuyang'ana. Zikayamba, awiri timawagwira n'kupita nawo kuchipinda kwawo, zikavuta kwambiri amapatsidwa mankhwala owakhazika mtima pansi, aja ongoperekedwa pakafunika amene timati PRN. Ndiyeno lipoti: "Anangoyamba popanda chifukwa." Mawu amenewa ndawalemba ndi dzanja langa kambirimbiri, ndipo ndinkakhulupirira kuti ndikulemba zoona.

Ntchito yoyamba imene aphunzitsi anatipatsa inali yooneka yophweka. Tenga pepala, ligawe patatu. Mbali yoyamba lemba zimene zimachitika khalidwelo lisanayambe, nthawi yake, amene analipo, phokoso, chakudya, zonse. Yachiwiri lemba zimene munthuyo wachita, monga maso ako aonera, osati "wakwiya" koma "wadziluma kanayi padzanja lamanzere". Yachitatu lemba zimene zatsatira, makamaka zimene ifeyo tachita. Kuno amati ABC chart. Nditapempha chilolezo kwa manejala ndi kwa achibale awo, ndinadzaza mapepala amenewa kwa masabata angapo, anzanga awiri akundithandiza masiku amene ndinali pa ofu.

Tsiku lina usiku ndinawayala onse patebulo, tiyi ali pambali, n'kuyamba kuwawerenga limodzi. Thupi linachita tsembwe. Pafupifupi zonse zimachitika nthawi yosinthana shifiti, pamene tonse timadzadzana kukhitchini, TV ikulira, ketulo ikuwira, wina akuseka mokweza. Ndipo nthawi iliyonse akadziluma timawapititsa kuchipinda kwawo, komwe kuli zii. Ndiye kuti ifeyo ndi amene tinawaphunzitsa kuti khomo lotulukira m'phokoso ndi kudzipweteka. Panalinso china. Masiku a chakudya cholimba zinthu zimaipa kwambiri, ndipo mnzanga wina analemba pambali kuti amatafunira tsaya limodzi. Tinakakamira kuti akaonedwe ndi dokotala wa mano. Dzino linapezeka lobooka. Munthu ameneyu anakhala akumva ululu kwa nthawi imene palibe angaidziwe, ife tikulemba kuti alibe chifukwa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. PBS yonse mutu wake ndi umenewu: khalidwe limene likutisautsali lili ndi ntchito imene likumugwirira munthuyo. Kawirikawiri ntchitozo ndi zinayi. Akufuna kuti wina amulabadire, akufuna kuthawa chinthu chimene chikumusowetsa mtendere, akufuna chinthu china monga chakudya kapena kutuluka panja, kapena khalidwelo palokha limamupatsa kamvedwe kena m'thupi. Pansi pa zonsezi pamabisala ululu, kudzimbidwa, kusagona, mantha, ndi kusungulumwa kwa munthu amene amakhala tsiku lonse pampando popanda chochita. Mu 1985 akatswiri awiri a ku America, Edward Carr ndi Mark Durand, anaonetsa kuti mwana ukamuphunzitsa njira yosavuta yopemphera chimene amachipeza pomenya kapena kukuwa, kumenyako kumachepa. Ifenso tinachita zomwezo. Tinapanga kakhadi kokhala ndi chithunzi cha chipinda chawo, n'kuwaphunzitsa kuti akakapereka kwa aliyense wa ife, nthawi yomweyo njira itseguka. Zosinthana shifiti tinazisamutsira muofesi. Sindikunena kuti zonse zinatheratu, masiku ovuta akadalipo. Koma dzanja lija linapola, ndipo PRN sititsegula kawirikawiri ngati kale.

Enafe tinabwera kuno boma litatsegula viza ya ogwira ntchito ya care mu February 2022, ndipo tinalowa m'nyumbazi osadziwa mbiri yake. Mbiriyo ndi yowawa. Mu May 2011 pulogalamu ya Panorama ya BBC inaonetsa zimene kamera yobisa inajambula ku Winterbourne View, chipatala cha pulaiveti pafupi ndi Bristol. Anthu a ulumali wa ubongo ankamenyedwa mbama, kupanikizidwa pansi pa mipando, kuthiridwa madzi ozizira n'kusiyidwa panja. Ogwira ntchito 11 anavomera milandu, 6 mwa iwo anapita kundende. Dziko linalumbira kuti sizidzachitikanso, koma mu 2019 Panorama yomweyo inaonetsa nkhanza zina ku Whorlton Hall, ku County Durham. Amene ankachita zimenezi anali anthu a pa shifiti ngati ife. Ndikaganiza zimenezi sindigona bwino, chifukwa nkhanza siyamba ndi mbama. Imayamba tsiku limene wasiya kufunsa kuti munthuyu akufuna kunena chiyani.

Nkhani ya mankhwala nayonso ili apo. Mu 2008 kafukufuku wa Peter Tyrer ndi anzake anayerekeza mankhwala awiri a matenda a maganizo, risperidone ndi haloperidol, ndi mapiritsi opanda mankhwala alionse pa akuluakulu a ulumali wa ubongo amene ankachita ukali. Amene anamwa mapiritsi opanda kanthu aja sanatsalire m'mbuyo ngakhale pang'ono pa kuchepa kwa ukali. Komabe mu 2015 bungwe la Public Health England linawerengera kuti tsiku lililonse akuluakulu pakati pa 30,000 ndi 35,000 a ulumali umenewu amamwetsedwa mankhwala amphamvu a matenda a maganizo pomwe alibe matenda oyenera mankhwalawo. N'chifukwa chake bungwe la boma la zaumoyo la NHS England linayambitsa STOMP mu 2016, ndondomeko yothetsa kumwetsa anthuwa mankhwala mopyola muyeso. Chaka chomwecho Oliver McGowan, mnyamata wa zaka 18, anamwalira atapatsidwa mankhwala amene iye ndi makolo ake anakana. Maphunziro aja a dzina lake amene tonse timachita, amene ena timangodinadina pafoni kuti athe msanga, anabwera chifukwa cha misozi ya mayi ake, Paula McGowan, ndipo lamulo la Health and Care Act la 2022 ndilo linakakamiza kuti aliyense wogwira ntchitoyi aphunzitsidwe.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikuumirira kuti ifeyo ndi amene tiphunzire, osasiyira ma psychologist ndi mabwana? Mu 2018 kunatuluka zotsatira za kafukufuku awiri. Woyamba, wotsogoleredwa ndi Angela Hassiotis wa ku University College London, anaphunzitsa PBS akatswiri a zaumoyo amene amayendera anthu kuchokera kunja. Patatha chaka, khalidwe la anthu othandizidwawo silinasiyane kwenikweni ndi la anzawo, ndipo zinapezeka kuti ambiri sanalandire ndondomeko yonse monga inayenera kukhalira. Wachiwiri, wa Peter McGill wa ku Tizard Centre ku University of Kent, analowa m'nyumba momwemo n'kukonza chisamaliro cha tsiku ndi tsiku pamodzi ndi ogwira ntchito: kalankhulidwe ndi anthuwo, zochita zawo, thanzi lawo, kayendetsedwe ka nyumba. Kumeneko khalidwe lovuta linatsika kwambiri. Zimenezi sizinandidabwitse. Tonse tinaonapo pulani yokongola ya masamba ambirimbiri, yolembedwa ndi katswiri amene anabwera ola limodzi Lachitatu masana, ili chigonere mukabati. Loweruka 6 koloko m'mawa, pamene munthu akukana kusamba ndipo shifiti ili yoperewera anthu, katswiri uja palibe. Ulipo ndi iwe.

Apa ndi pamene kuphunzira pa intaneti uli pa ntchito kumapambana. Chimene wawerenga usiku, m'mawa ukuchiona ndi maso. Chimene chakukanika pa shifiti, madzulo ukukachifunsa kwa mphunzitsi ndi kwa anzako a m'kalasi, amene ena ndi anamwino, ena aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, ena mamanejala. Mapulogalamu amenewa nthawi zambiri amafuna kuti ukhale ndi malo ogwirako ntchito ndi anthu enieni, chifukwa zolemba zako zimachokera pomwepo. Kagawidwe kake n'kothandizanso: makirediti 60 ndi satifiketi, 120 ndi dipuloma, 180 ndi masters yathunthu, ndiye ukhoza kuyamba ndi satifiketi n'kuona mmene thumba ndi thupi zikuyendera. University of Glasgow ili ndi pulogalamu yotere ya pa intaneti, Northumbria University nayonso imaphunzitsa PBS, ndipo Tizard Centre yakhala pa nkhaniyi kwa zaka zambiri. Ambirife tili ndi madigiri ochokera kwathu, a uphunzitsi, unamwino, zaulimi, amene angokhala musutikesi. Atulutseni, mufunse ngati angakulowetseni.

Zolemera zake sindibisa. Fizi ndi yokwera, ndipo ambiri amene tili pa viza sitingapeze ngongole ya boma ya maphunziro. Ine bwana wanga anavomera kulipira gawo lina nditapempha kachitatu, lotsalalo ndimalipira pang'onopang'ono, ndipo kumudzi ndinawauza chilungamo kuti kwa kanthawi ndizitumiza zochepa. Kuwerenga utachoka pa shifiti ya usiku n'kowawa, maso amachita mchenga. Chingerezi cha kuyunivesite si chimene timalembera malipoti. Ndipo kwa mlongo wanga uja: ayi, malipiro sakwera tsiku limene walandira pepala. Mwayi wokhala practice leader, wotsogolera anzako pa kasamalidwe ka anthuwa, kapena wolowa mu timu ya PBS umatseguka, koma amene akufuna ndalama yachangu, ovataimu imupatsa msanga kuposa sukuluyi.

Palinso anthu ena, makamaka a autism amene amatha kudzilankhulira, amene sakhulupirira PBS. Amati mizu yake ili mu ABA (Applied Behaviour Analysis), njira yosinthira khalidwe la munthu kudzera m'zimene zimatsatira khalidwelo monga mphotho, ndipo amaopa kuti cholinga chake ndi kuwumba munthu kuti asamasowetse ena mtendere. Mawu awo sindiwataya, chifukwa ndinaonapo dzina la PBS litamatidwa pa tchati chopatsira munthu nyenyezi akamvera, ndi pa zilango zobisika. Munthu amene amagwedeza thupi kapena kukupiza manja popanda kupweteka wina aliyense, musiyeni, si vuto loti likonzedwe. Muyeso umene ndinaphunzitsidwa si wakuti nyumba yakhala chete. Ndi wakuti kodi munthuyu tsopano akutuluka, akusankha yekha chakudya, akuonana ndi abale ake, akugwiridwa mokakamiza kochepa kusiyana ndi kale? Kusiyanitsa ziwirizi kumafuna munthu amene waphunzira mozama, osati wa tsiku limodzi la training.

Ndikamawerenga zimenezi ndimakumbukira msuweni wanga kumudzi. Azakhali ankamumangirira ndi chitenje kumtengo wa mango akamapita kudimba, osati chifukwa chomuda, koma poopa kuti athawira kumsewu. Anthu ankati ndi wozerezeka, ena ankanong'ona kuti bambo ake anamukhwimira. Palibe anafunsapo kuti amathawa nthawi yanji, akuthawira kuti, akusiya chiyani. Kwathu alipo amene akulimbana ndi nkhanizi, monga a Montfort ku Nguludi amene amaphunzitsa aphunzitsi a ana a zosowa zapadera, ndi a St John of God ku Mzuzu, koma ndi ochepa poyerekeza ndi mabanja amene akuvutika okha. Pepala logawa patatu lija silifuna magetsi kapena makina. Azakhali akanatha kulidzaza m'mutu, wina akanangowaonetsa poyang'ana.

Lachiwiri lapitali kunabwera mtsikana wa agency, kampani yotumiza antchito ogwirizira, tsiku lake loyamba. Ine ndinali kochapira zovala. Bambo aja anatulutsa kakhadi kawo m'thumba n'kumupatsa. Iye anakalandira, anamwetulira, anati zikomo, n'kukaika patebulo. Bambowo anaima pomwepo akumuyang'ana, akudikira. Pamene ndimalowa n'kuti dzanja lafika kale pakamwa. Ndinatola kakhadiko, ndinawauza kuti ndamva, tinapita limodzi kuchipinda. Mtsikanayo sanalakwe, palibe anamuuza. Usiku womwewo, m'malo mwa asainimenti imene ikufunika Lolemba, ndinalemba tsamba limodzi lokha, la mawu osavuta ndi chithunzi cha kakhadiko pamwamba, loti aliyense wobwera kudzagwira m'nyumba muno aziliwerenga asanavule jekete. Manejala walisainira dzulo.