Ndalama za yuniyoni ndi za ophunzira, si mphatso ya atsogoleri

Lachinayi lapitali ndinakhala pabenchi kunja kwa ofesi ya yuniyoni, bungwe la ophunzira pasukulu yathu yaukachenjede, kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, nditagwira kalata imene kalabu yathu ya zisudzo inalemba masabata atatu apitawo. Zimene tinapempha sizinali zambiri: ndalama yolipirira minibasi imodzi yotinyamula anthu 14 kupita kusukulu ziwiri za sekondale zakumudzi, kumene aphunzitsi anatiitana kuti tikachite sewero lolimbikitsa atsikana kuti asasiyire sukulu panjira. Msungichuma atafika, anaiyang'ana kalatayo ngati akuiona koyamba, chonsecho pakona pake panali chidindo cha ofesi yake yomweyo, kenako anandiuza mosachita manyazi kuti m'thumba la bungwe mulibe kanthu. Potuluka ndinapeza anyamata akutsitsa zokuzira mawu zikuluzikulu m'lole, kukonzekera zisangalalo za social weekend ya Loweruka, ndipo amene ankawalozera poziika anali mlembi wa bungwe lomwelo. Dzina la sukulu yathuyi sindilitchula, eni ake adziwa okha.

Ndakwiya, ndipo sindibisa. Ndalama imene ili m'thumba la yuniyoni sinagwe kumwamba, ndiponso sinachokere m'matumba a pulezidenti ndi nduna zake. Wophunzira aliyense amaipereka pamodzi ndi fizi, kaya makolo ake anagulitsa matumba a chimanga kuti aipeze, kaya akuphunzira ndi ngongole ya boma imene adzayenera kubweza akadzayamba ntchito. Nanga zikutheka bwanji kuti mwini ndalama azikhala pabenchi tsiku lathunthu ngati wopemphetsa, kudikira kuti amene anangomusungitsa ndalamayo amuchitire chifundo? Inu atsogoleri, ife tinakusankhani kuti mukhale osunga, osati eni chuma, ndipo kalabu ikabwera ndi kalata kuofesi kwanu sikuti yabwera kudzapempha thandizo kwa achibale olemera, koma yabwera kudzatenga gawo la zimene mamembala ake anasonkha.

Mwina mudzanena kuti zinthu zinakwera mtengo chigwetsereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zimenezo tonse tikuzidziwa, koma kwacha yomweyo ndi imene yalipira zokuzira mawu ndi oimba a Loweruka.

Sindikudana ndi zisangalalo, ngakhale inenso ndimavina nawo mpata ukapezeka. Chimene chikundiwawa n'chakuti phokoso la usiku umodzi limapezeredwa ndalama popanda kalata iliyonse, pamene makalabu amene amagwira ntchito chaka chonse amauzidwa kuti abwerenso mawa, ndipo mawalo safika. A kalabu ya mtsutso amasonkherana ndalama ya chakudya chawo chamasana kuti akafike kumpikisano. Atsikana a kalabu ya zachilengedwe amagula okha machubu ofesera mbewu za mitengo, imene ikakula atsogoleri omwewo amadzajambulitsa pamthunzi pake n'kuika zithunzi pa Facebook. Kwaya imabwereka yunifolomu kumpingo. Onsewa ndi ophunzira amene analipira ndalama ya bungwe mofanana ndi wina aliyense, koma pogawa amaikidwa kumapeto kwa mzere, ngati ana opeza.

Amene amayesa makalabu ngati masewera a anthu osowa chochita aziyamba afunsa mbiri. Gulu la alembi lotchedwa Writers' Group linayamba ku Chancellor College mu 1970, sukuluyo isanasamukire ku Zomba mu 1973, ndipo ophunzira ndi aphunzitsi ankakumana kuti awerengerane ndakatulo ndi nkhani panthawi imene lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo linali litatseka anthu pakamwa. Alakatuli ambiri amene dziko lino limanyadira lero anasulidwa m'gulu limenelo. Gulu la zisudzo la Travelling Theatre la pasukulu yomweyo linkatuluka pampanda n'kukachita masewero pamaso pa anthu wamba amene sanapondepo m'kalasi ya yunivesite. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mukaumitsa kalabu lero chifukwa cha ndalama ya minibasi, musadzadabwe mawa mukamadzasowa anthu odziwa kuima pagulu, kuyendetsa msonkhano kapena kusunga buku la ndalama.

Chimene tikufuna si chachilendo ayi. Semesita ikamayamba, matani pabolodi pepala losonyeza ndalama zonse zimene ophunzira apereka, gawo limene lapita kumakalabu, ndi zimene kalabu iliyonse yolembetsedwa ilandire ikapereka ndondomeko ya ntchito zake. Semesita ikamatha, matani pepala lina losonyeza mmene ndalamazo zayendera, malisiti ake ali pomwepo. Ife a makalabu sitikukana kufunsidwa malisiti, ndipo athu tinawasunga mu envulopu kuyambira chaka chatha, mpaka a makandulo amene tinagula tsiku limene magetsi anazima tili pakati pa sewero. Koma amene amatifunsa malisiti a makandulo ayambe iye kutionetsa a zokuzira mawu, chifukwa ndalama imene akugwira ndi yathu, ndipo mwini chinthu sachita kugwada kuti auzidwe kumene chinthu chake chapita.

Nthawi ya kampeni munkatipeza pansi pa mtengo wa mango pamene timakonzekerera masewero athu, mutanyamula mamanifesito olonjeza thumba lapadera la makalabu, ndipo munkatitchula abale ndi alongo. Lero mukationa pakhomo la ofesi mumayamba kuyankha foni imene sinalire.

Ndipo nkhani ya mtengo wa mangowo nayonso ikundinyansa. Timakonzekerera panja chifukwa kiyi wa holo amasungidwa ndi munthu mmodzi wa m'bungwe lomweli, amene sapezeka kalabu ikamufuna, koma amapezeka msanga anthu akunja akafuna kubwereka holoyo kuti achitiremo phwando la ukwati. Mvula ikayamba mu Disembala tizikachitira kuti? Aphunzitsi a sukulu ziwiri zija ndawaimbira dzulo kuwauza kuti sitibwera, ndipo mmodzi wa iwo anali atauza kale atsikana a Fomu 2 kuti asese bwalo.