Kuphunzitsa chinkhwe kuyankhula sikufuna lumo

Ku India, kuphunzitsa mbalame kuyankhula kunkawerengedwa m'gulu la maluso 64 amene munthu wophunzira bwino ankayenera kudziwa. M'Chisanskrit, chiyankhulo chakale cha ku India, lusoli amati shuka-sarika-pralapana: shuka ndi chinkhwe, sarika ndi mbalame yotchedwa myna. Ku Madurai, mzinda wa kum'mwera kwa India, mulungu wamkazi Meenakshi amaoneka ali ndi chinkhwe kudzanja, ndipo m'kachisi wake muli chipinda chotchedwa Kilikoondu Mandapam mmene ankasungiramo zinkhwe zotchula dzina lake.

Ine ndimalilemekeza lusoli, koma zimandipweteka kuti alipo anthu amene amapala kapena kung'amba lilime la mbalame poganiza kuti iyankhula msanga. Mawu a mbalame amachokera pansi pa kholingo, pamene njira ya mpweya imagawikira ku mapapo awiri. Lilime limangothandiza kuwaumba. Mukalivulaza, mbalame imavutika kudya, imayamba kuopa dzanja, ndipo mbalame yamantha siitsanzira munthu.

Chimene chimagwira ntchito n'kubwereza. Muyambe mbalame ikadali yaing'ono, ikazolowera mlezi wake. Mawu akhale aafupi, monga "Ram Ram", moni wotchula dzina la mulungu Ram, amene mabanja achihindu ambiri amayambira. Munthu mmodzi, katchulidwe kamodzimodzi, mphindi 10 kapena 15 m'mamawa ndi madzulo, nthawi imene mbalame zimakonda kulira zokha. Wailesi izimitsidwe. Mawuwo muwamangirire ku chochitika: moni polowa, dzina la chakudya pochipereka. Poyamba imangong'ung'udza zosamveka, ndipo apa m'pofunika kuipatsa kachipatso nthawi yomweyo, osadikira kuti itchule bwino. Osawonjeza mawu achiwiri oyamba asanakhazikike, imasakaniza. Mukaisekerera ikatukwana kapena kuikalipira ikakuwa, imaona kuti yakukokani, ndiye izibwerezabe.

Tsabola wobiriwira amene ambiri ku India amapatsa zinkhwe poganiza kuti ziyankhula msanga samasula lilime ayi. Mbalame sizimva kuwawa kwake, zimangomudya ngati chipatso. Mapeyala osayerekeza, ndi poizoni. Myna ya m'mapiri, yomwe imatsanzira mawu a munthu mwaluso kwambiri, imadwala chiwindi ikamadya zakudya zokhala ndi ayironi wambiri.

Chinanso, ana a zinkhwe ambiri ogulitsidwa m'misika ya ku India amakhala ozulidwa m'mphako za mitengo, ndipo ambiri amafera m'njira. Lamulo la India loteteza nyama zakuthengo la 1972 limaletsa kugwira ndi kugulitsa zinkhwe za m'dzikomo, ndipo ine ndili kumbali ya lamuloli.