Mbande za chamba sizifuna masuti, zimafuna manja a mlimi wa fodya

Abale ndiyambe ndanena kuti ine sindisuta ndipo sindikuuza munthu kuti akadzale chamba kuseri kwa bafa, mukagwidwa musadzatchule dzina langa. Ndikunena za chamba chija cha laisensi, chomwe aphungu anavomereza mu February 2020 kuti chizilimidwa cha mankhwala ndi cha mafakitale. Chosuta chija mpaka lero ndi mlandu.

Loweruka lapitali ndinakwera minibasi pa Limbe kupita kukaona asuweni anga omwe akugwira ntchito pa famu ina ya laisensi kunja kwa tauni kuno. Asuweniwa ndi a ku Phalombe, alima fodya wa bale zaka zambirimbiri, mabelo awo ankabwera pa okushoni pompano pa Limbe mpaka anatopa ndi mitengo ndi ngongole za feteleza nkusiya. Sukulu analekeza sitandade 7. Pano ndi amene akuyang'anira nazale pa famupo, ngakhale pa malipiro amalembedwa ngati waganyu wamba. Zimenezi ndi zomwe zandipangitsa kulemba.

Ife anthu a mtauni timaganiza kuti chamba ndi udzu, chimamera chokha, mwina chifukwa timamva za ku Nkhotakota kuti chimangokula mmapiri. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma mbewu yogula kunja ndi madola ija ndi ina, kambande kake nkosalimba ngati ka tomato, mwinanso kuposa. Asuweni anandiuza kuti asanabwere iwo, mbande zoyamba pafamupo zinatha pafupifupi zonse. Osati ndi matenda achilendo ayi, koma madzi. Anyamata ankathirira mmawa, masana, madzulo, akangoona katsamba kafota basi keni mmanja, osadziwa kuti mbande yomwe yakhuta madzi imafotanso chimodzimodzi ngati ya ludzu. Mizu inabanika, tsinde kumawola pansi penipeni pamene lakhudza dothi, kambande nkugwa chagada ngati wakatsina ndi chikhadabo. Aliyense amene anasungapo nazale ya fodya amawadziwa matenda amenewa ndi maso.

Ndinafika cha mma 3 koloko, ndinapeza akudikira dzuwa lipendeke. Ndinawafunsa kuti bwanji osangoyamba, ntchito ithe msanga tikamwe tiyi. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Amvekere asuweni, munaonapo munthu akuwokera dzuwa lili paliwombo? Kuwokera nkwa madzulo kapena tsiku la mitambo, kuti mbande igone usiku wonse ikupuma isanakumane ndi dzuwa la mawa. Ndipo mbandezo anali atazithirira kale dzulo lake kuti dothi ligwirane ndi mizu, lisayoyoke.

Mmene amatulutsira mbande mkachubu ndi pomwe ndinatsegula pakamwa. Amaika chikhatho pamwamba, tsinde lili pakati pa zala ziwiri, nkutembenuza kachubu chadodolido, kugogoda pang'ono kumbuyo, dothi lonse nkutsika ngati chigumu chochoka mchitini, timizu toyera tikuoneka mmbali. Sakoka tsinde, ati ukalifinya lafa ngakhale lero lioneke lamoyo. Chamba chili ndi muzu umodzi waukulu wolowa pansi ndipo sumafuna kusokonezedwa, nchifukwa chake sachedwanso nazo mmachubu, zikangokwana masabata atatu kapena anayi, masamba enieni a manomano aja atatuluka magulu atatu kapena anayi, amaziwokera. Ukachedwa mizu imazungulirazungulira pansi pa chubu ngati nkhata, ndiye ngakhale uiike mdothi labwino imakhala nthawi yaitali isakukula. Mbande yomwe inatalika mopyapyala chifukwa chosowa kuwala amaikwirira tsinde mozamirapo pang'ono kuti iime. Kenako kutsindira ndi zala mofatsa, osati kupondaponda ndi chidendene, nkuthira madzi mozungulira phando.

Ndinayesa imodzi. Dothi linasweka mmanja mwanga, timizu nkukhala pamtunda. Sanalankhule, anangoitenga nkuiika pambali, anaibayira kamtengo kuti aziizindikira. Ndiye kuti mbande yanga ija ili pa wodi.

Chinanso chomwe anthu a mabuku amaiwala nkukhwimitsa. Mbande yokulira mu shedi sungaitulutse lero nkuisiya padzuwa la Okutobala tsiku lonse, imapsa masamba nkuyera. Kwatsala sabata kuti awokere, asuweni amayamba kuzitulutsa maola ochepa mmawa, mawa lake kuonjezera, madzinso kumachepetsa. Ati ku fodya timachita chomwechi, timachotsa udzu pa bedi pang'onopang'ono, palibe chatsopano apa. Feteleza sabata yoyamba saika, amadikira aone nsonga yatsopano kuti mbande yagwira. Manyowa a nkhuku osawola ndiye safuna nkuwaona komwe, amawotcha mizu. Dothi lathu lofiira la katondoli limasunga madzi, ndiye amakweza mizere nkusakaniza ndi kompositi wowolerana bwino kuti madzi azidutsa. Pofuna kudziwa ngati pakufunika kuthirira alibe kachipangizo, amangolowetsa chala mdothi mpaka pa mfundo yachiwiri, chikatuluka chonyowa keni abwerere. Mmawa uliwonse amayendera mzere ndi mzere kufufuza mbozi zija zimadula mbande usiku nkubisala mdothi pafupi pomwepo, amazifukula ndi chala. Chiswe nachonso chimabwera ukaphimbira ndi udzu wouma moyandikiza tsinde.

Akuluakulu anati mmera mpoyamba, ndipo pa mbewu imeneyi mwambiwu suli wophiphiritsa, ndi ndalama zenizeni. Mbande ikadodoma masabata awiri oyambawa siidzafikanso pa anzake.

Pali chimodzi chokha chomwe asuweni anavomera kuti fodya sanawaphunzitse, nkhani ya magetsi. Chamba chimayamba maluwa usiku ukatalika. Kwathu kuno usana ndi usiku sizisiyana kwambiri chaka chonse, usana umangosewera pakati pa maola 11 ndi 13, pomwe mbewu zambiri zochokera ku Ulaya ndi ku America zinazolowera usana wautali wa chilimwe cha kwawo. Ndiye ukaziwokera kuno osazithandiza zimaganiza kuti nyengo yatha, zimachita maluwa zili mmaondo. Nchifukwa chake mu girinihausi amayatsa mababu madzulo kuonjezera usana. Tsono mukudziwa nokha mmene magetsi amathimira kuno, jenereta ndi dizilo wake, mlimi wakumudzi angazithe? Apa mpomwe ndimadabwa kuti ofufuza athu bwanji sakulimbikira kwambiri pa mbewu yogwirizana ndi dzuwa lathu, poti ku Chitedze anayesapo kale chamba cha mafakitale lamulo lisanadutse nkomwe. Paja cha ulusi chija sachita kuwokera, amafesa mmunda mothithikana kuti chitalike, kuwokera nkwa cha maluwa a mankhwala.

Tsopano maganizo anga ndi awa. Pomwe a Boniface Kadzamira ankayambitsa nkhaniyi mnyumba ya malamulo mu 2015 anthu anaseka. Lamulo litadutsa tinauzidwa kuti iyi ndi mbewu yolowa mmalo mwa fodya, a Chakwera nawo mu 2021 ananena poyera kuti fodya akupita kumapeto, tiyang'ane mbewu zina ngati chamba. Mpaka tinamva zoti Mike Tyson apemphedwa kukhala kazembe wa chamba chathu, Facebook yonse inatekeseka sabata yathunthu. Koma mitengo ya laisensi italengezedwa, madola 10,000 kulima cha mankhwala, madola 2,000 cha mafakitale, ndinadziwiratu kuti mlimi wa fodya uja tikuti tikumupulumutsa sali pa mndandanda. Madola 10,000 munthu yemwe akulephera thumba limodzi la feteleza? Kuonjezera apo mpanda, alonda, mbewu, girinihausi. Eya akuti lowani mmakopaletivi musonkherane, chabwino, koma enafe tili ndi abale omwe anasonkha ndalama mmagulu otere nkukhala akudikira wogula mpaka mtima kuwawa.

Ndiye zomwe zachitika nzoti amene ali ndi ndalama alibe manja, amene ali ndi manja alibe ndalama. Wa ndalama amatenga laisensi, amaitanitsa mbewu, amalemba mnyamata wa dipuloma kukhala manijala, mbande zikafa mpomwe amakumbuka kuti kumudzi kuli anthu omwe akhala akulera mbande kuyambira nthawi ya Kamuzu. Amawatenga, amawapatsa gambuti ndi malipiro a ganyu. Sindikunyoza sukulu, manijala wa pafamupo ndi amene anawafotokozera asuweni za mababu zija ndipo amagwirizana bwino. Koma luso lodziwa kuti mbande iyi yafota ndi ludzu, iyi yafota ndi madzi, silipezeka pa YouTube, ndipo dziko lino lili nalo lambiri ku Kasungu, ku Mchinji, ku Dowa, ku Rumphi, ku Phalombe, likungokalamba. Tikanakhala ochenjera bwenzi a Cannabis Regulatory Authority, bungwe lopereka malaisensi a chamba, ali ndi laisensi yotsika mtengo ya nazale yokha, alimi odziwa azilera mbande movomerezeka nkumagulitsa kwa ma famu akuluakulu, kawerengedwe kali mmabuku, aliyense adyepo. Mwina pali chomwe chimaletsa, odziwa malamulo mundiuze mmakomentimu, koma musabwere ndi zoti amalawi sitingathe, ndaona ndi maso anga.

Ena munena kuti ukapatsa anthu akumudzi mbande zithera kwa osuta. Nkhawa imeneyo ndikuimva, achinyamata omwe asokonekera mitu tikuwaona mmisewu ya Ndirande ndi Mbayani, si nkhani yoseka. Koma osutawo sanadikire laisensi, chawo akuchipeza kale, ndipo cha mafakitale chomwe lamulo limati THC wake, mankhwala oledzeretsa aja a mchamba, asapyole 1 peresenti, ngakhale usute mtolo wonse ungotsokomola.

Tinamaliza kuwokera mdima ukugwa, msana wanga utauma ngati thabwa pomwe asuweni azaka zopitirira 50 akuimba kanyimbo ka kwaya. Asananyamuke anavula ovolosi nkusamba mmanja ndi sopo kawiri, ati fungo limeneli pa rodibuloko ungafotokoze mpaka kutopa. Pa geti mlonda anatisecha matumba tonse awiri. Ndili mnjira ndinawanong'oneza mwanthabwala kuti asuweni, kambande kanga kodwala kaja bwanji osangondipatsa ndikakasamalire pa khonde ku Chilomoni, poti kafa kale. Amvekere mbande iliyonse ili ndi nambala mbuku, yakufanso timailemba, inu mukufuna ndizikubweretserani nsima ku Chichiri?

Lachitatu anandiimbira kuti katulutsa nsonga.